Udzu Womata Chitenje ndi Abale Ake

Amayi anzanga a kuno kwa Kachindamoto, mwezi wa Febuluwale ukamapita kumapeto ndi amayi owerengeka okha amene amabwera kumunda chitenje chili bwino. Kuyambira ku Golomoti, kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, madzulo mudzaona mayi atakhala pamkeka akuchotsa timitu tobiriwira timene tamatirira m'mphepete mwa chitenje, pa mpango, ngakhale pa mbereko ya mwana. Akatha amatitaya pabwalo pomwepo kapena kuseri kwa khola, nadzuka kukasonkha moto, poganiza kuti nkhani yatha. Komatu siinathe ayi. Mayi uja, mosadziwa, wafesa udzu umene adzaupalire yekha chaka chamawa.

Tsono lero tikambirane za udzu umenewu pamodzi ndi abale ake. Ambiri a ife timangouphatikiza wonse, timati udzu ndi udzu basi, ndipo khasu limadula mosasankha. Koma mitundu yake ndi yosiyana. Wina umalanda chimanga chakudya, wina umadetsa thonje pa nthawi yokolola, pamene wina ndi msipu wabwino umene anthu a m'maiko ena amachita kudzala. Mayi wodziwa kusiyanitsa amadziwa poyambira kupalira, amadziwa choyenera kutentha ndi choyenera kusiyira ng'ombe, ndiponso amatha kuwerenga nthaka ya munda wake monga momwe munthu amawerengera kalata.

Chizindikiro cha banja lonse

Akatswiri a zomera amalitcha banja la udzu umenewu Setaria. Dzinali adalipereka mu 1812 ndi katswiri wa ku France, Palisot de Beauvois, ndipo lidachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza ubweya wolimba monga wa pamsana pa nguluwe. Pa dziko lonse pali mitundu yoposa 100, yambiri mwa iyo m'maiko otentha. Imene imamera kuno ku Malawi ndi m'maiko oyandikana nafe idalongosoledwa m'buku lalikulu la zomera lotchedwa Flora Zambesiaca, m'gawo limene lidatuluka mu 1989.

Chizindikiro chake chili pa ngala. Pansi pa kanjere kalikonse pamamera ndevu, pena imodzi, pena zingapo, ndipo ndevu zimenezi ndi zimene zimachititsa kuti ngala ioneke ngati mchira wa kanyama. Kuti mutsimikize, thyolani ngala yokhwima bwino, muifikise pachikhatho. Njere zidzayoyoka zili zosalala, koma ndevu zidzatsala pa kaphesi. Mukachita chomwecho ndi ngala ya nsenjere mudzaona zosiyana: njere imagwa pamodzi ndi ubweya wake, kaphesi kamatsala kopanda kanthu. Amene wadziwa kusiyana kumeneku wadziwa banja lonse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya udzu mawuwa ndi oona.

Popeza maina a udzu amasiyana malinga ndi dera, pano tiutchula ndi maonekedwe ake kuti tisasokonezane. Tiuona m'magulu anayi.

Udzu womata

Uwu ndiwo uja wa pachitenje, umene m'mabuku amautcha Setaria verticillata. Umamera ndi mvula, n'kufa mvula ikatha, kusiya njere zokha. Mapesi ake ndi ofooka, amayamba agwada pansi kenaka n'kudzuka, ndipo pamene mfundo yakhudza dothi pamatuluka mizu. Pa nthaka yachonde umatha kufika m'chiuno. Masamba ake ndi ofewa, opyapyala, obiriwira bwino. Ngala yake ndi yobiriwira, yotalika ngati chala kapena kupitirirapo, ndipo kawirikawiri mudzapeza ngala ziwiri kapena zitatu zitakolana zokhazokha.

Chinsinsi chake ndi ichi: ndevu iliyonse ili ndi tingowe tating'ono kwambiri toyang'ana kumbuyo, monga ngowe yothyolera mango. Gwirani ngala pakati pa zala ziwiri, mukoke kuchokera kuphata kupita kunsonga; idzakana, idzakukandani. Ikhudzitseni pa nsalu, idzakakamira. Mwa mitundu imene tikambe lero, wochita zimenezi ndi uwu wokha.

Udzuwu umakonda malo a mthunzi ndi a chonde chambiri. Ufunefuneni m'mbali mwa khola la ng'ombe kapena la mbuzi, kudzala, kuseri kwa nkhokwe, m'dimba lothiridwa manyowa, ndi pansi pa mitengo pamene ziweto zimausa masana. Kuno kwathu kuchigwa kuli mitengo yambiri ya msangu, imene imayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kunenepetsa nthaka. Chimanga cha pansi pa msangu chimakondwa, koma udzu womata nawo umakondwa pomwepo. Choncho ukachuluka pamalo, dziwani kuti nthakayo ili ndi mphamvu, ndipo mphamvu imeneyo idzapita kwa amene wayamba kuzika mizu, chimanga kapena udzu.

Kwa amene timalima thonje vuto limabwera kawiri. Poyamba udzu umalimbirana chakudya ndi mbewu. Kenaka, thonje likaphulika, ngala zouma zimamatirira pa thonje loyera, makamaka la kunthambi za m'munsi ndi logwera pansi. Kuchotsa tingowe timeneti m'thonje ndi ntchito yotopetsa imene imagwera mayi ndi ana pa nthawi yosankha, ndipo thonje la zinyalala silipeza mtengo wa thonje loyera pamsika. Ola limodzi la khasu mu Januwale limapulumutsa masiku a kusankha mu Meyi.

Udzu wa mchira wachikasu

Wachiwiri ndi Setaria pumila. Nawonso moyo wake ndi wa dzinja limodzi. Kawirikawiri umalekeza m'mawondo kapena kupitirira pang'ono. Ngala yake ndi yowongoka, yothithikana, yofanana kukula kwake kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo ikamakhwima ndevu zake zimasanduka zachikasu kapena zofiirira, kotero kuti dzuwa likapendeka munda wonse umaoneka ngati wayaka. Pansi pa njere iliyonse pamakhala ndevu zisanu kapena kuposa. Njere zake ndi zonenepa poyerekeza ndi za udzu womata, ndipo mukaziyang'anitsitsa mudzaona timizere topingasa pamsana pake. Ngala imeneyi siimata. Mukaikoka pakati pa zala kuchokera kuphata imadutsa bwinobwino.

Uwu ndi udzu wa padzuwa. Mudzaupeza m'minda ya chimanga, mtedza, mapira ndi mawere, m'tsala, m'mbali mwa msewu wa M5 ndi mwa njanje, ndiponso paliponse pamene dothi lagalauzidwa ndipo limasunga chinyezi. Ku sikimu ya mthirira ya Bwanje, imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo ili ndi mahekitala 800 omwa madzi a mtsinje wa Namikokwe, malo ouyembekezera ndi pa timizere tolekanitsa minda ndi m'mphepete mwa ngalande. Sukonda kumira. Udzu umene umakula m'madzi momwemo pamodzi ndi mpunga kawirikawiri ndi wa banja lina. Komabe ngala zochokera pa timizere timeneti zikalowa mumtolo pomweta, njere zake zimapezeka mu mpunga wopuntha, ndipo wovutika ndi lichero ndi mayi yemwe uja.

Ukakhala wanthete, ng'ombe ndi mbuzi zimaudya bwino. Ukakhwima ndi kuuma chenjerani nawo pomwetera ziweto za m'khola, chifukwa ndevu zouma zimatha kulasa m'kamwa n'kuyambitsa zilonda. Chiweto chikayamba kukha dovu ndi kukana kudya chitapatsidwa udzu wouma wa ngala zambiri, muuze mwini khola ayang'ane m'kamwa mwake, ndipo aitane mlangizi wa ziweto.

Udzu wa masamba amakwinya

Gulu lachitatu silivuta kulizindikira ngakhale lisanatulutse ngala. Tsamba lake ndi lotambalala pakati, losongoka mbali zonse ziwiri, ndipo lili ndi makwinya oyenda m'litali monga tsamba la mlaza likamangotuluka kumene. Ife oluka zinthu za mlaza sitingalephere kuliona.

M'gululi muli wamng'ono ndi wamkulu. Wamng'ono, Setaria homonyma, ndi wa dzinja limodzi, wofewa, wosavuta kuzula. Ngala yake siioneka ngati mchira. Ili ndi tinthambi totayana, ndipo ndevu zake ndi zochepa, imodziimodzi pansi pa njere. Umakonda mthunzi wopepuka ndi chinyezi, n'chifukwa chake umalimba pansi pa chimanga chimene chakula, m'nthochi, ndi pansi pa mango. Mayi akaona kuti chimanga chatseka mizere amati ntchito yatha, koma udzu uwu ndi pamene umasangalala, n'kubereka njere zake mwakachetechete.

Wamkulu, Setaria megaphylla, sufa chilimwe. Umakhala pa chitsa chaka ndi chaka, umatha kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo tsamba lake limatambalala ngati zala zitatu kapena zinayi. Kwawo ndi m'mithunzi ya nkhalango ndi m'magombe a mitsinje. Malo ouyembekezera kuno ndi kumtunda, m'makwawa a nkhalango ya Mua-Livulezi ndi m'mbali mwa mitsinje yotsika kuphiri monga Nadzipokwe pafupi ndi Mishoni ya Mua. Uwu si mdani wa mlimi. Mizu yake imagwira gombe kuti lisagumuke madzi akadzaza. Ife okhala m'munsi mwa mapiri a Dedza tikudziwa mkwiyo wa mitsinje yathu nthawi ya mvula. Amene akulambula dimba m'mphepete mwa mtsinje ausiye udzu umenewu uli chilili.

Udzu wa kudambo

Gulu lotsiriza ndi la udzu wa zitsa, wosafa chilimwe, womera m'malo a madzi. Woyamba ndi Setaria sphacelata. Umamera mothithikana, tsinde lake ndi laphwatalala, masamba a pansi atasanjikizana ngati chokupizira moto. Ngala yake ndi yaitali, nthawi zina kufika kuchokera kunsonga ya chala mpaka pachigongono, yamtundu wa golide. Ukakhala waung'ono anthu ambiri amausokoneza ndi wa mchira wachikasu uja. Njira yosiyanitsira ndi kuzula. Wa dzinja limodzi umazuka ndi dzanja limodzi, mizu yake ndi yochepa. Wa kudambo umakana, umafuna khasu, ndipo pachitsa pake mudzapeza zotsalira za mapesi a chaka chatha, nthawi zina zakuda ndi moto wolusa.

Udzu umenewu ndi chuma. Akatswiri a zaulimi adasankhamo mitundu yodzala ngati msipu: wina amautcha Kazungula, potengera malo a ku Zambia kumene udachokera, wina Nandi, wochokera ku Kenya. Mitundu imeneyi idafika mpaka ku Australia ndi ku Brazil, kumene alimi amagula mbewu yake ndi ndalama. Ife tili nawo m'madambo mwathu waulere. Pali chenjezo limodzi lokha. Uli ndi mchere wina wachilengedwe wotchedwa oxalate, umene umalanda thupi chakudya cholimbitsa mafupa. Ng'ombe zozolowera zimaugaya popanda vuto lalikulu, koma abulu ndi akavalo akamadya udzu umenewu wokhawokha kwa nthawi yaitali mafupa awo amafooka ndipo nkhope imatupa. Amene ali ndi abulu a ngolo aziwasakanizira ndi msipu wina.

Mnzake ndi Setaria incrassata, wokonda dothi lakuda la makande, lija lomata khasu nthawi ya dzinja ndi kung'ambika ming'alu nthawi ya chilimwe, limene lili lambiri m'chigwa cha Bwanje. Ndi wamtali, wa mapesi olimba, ndipo kawirikawiri pa mfundo zake pamakhala ubweya. Mukapatsidwa malo atsopano n'kupezapo udzu umenewu utadzaza, udzuwo ukukuuzani kuti pamenepo madzi amaima. Pamafunika mpunga, kapena mizere yaitali ndi ngalande zotulutsa madzi. Mtedza ndi chinangwa sizidzakondwa pamenepo.

Mafunso anayi a kumunda

Tikasonkhanitsa zonsezi, mayi ataima m'munda ndi udzu m'manja angodzifunsa mafunso anayi. Kodi ngala ikumata pa nsalu? Ngati ikumata, ndi womata. Kodi tsamba lili ndi makwinya? Ngati lili nawo, ndi wa mumthunzi, wamng'ono kapena wamkulu. Kodi ukuzuka mosavuta? Ngati ukuzuka mosavuta ndipo ngala ndi yachikasu, ndi wa mchira wachikasu. Kodi uli pa chitsa cholimba m'malo a madzi? Umenewo ndi wa kudambo. Adani enieni a m'munda ndi atatu a dzinja limodzi aja: womata, wa mchira wachikasu ndi wamakwinya wamng'ono. Atatu a zitsa ndi a ziweto ndi oteteza nthaka.

Chochita

Mphamvu yonse ya adani atatu aja ili m'njere. Phata limodzi limabereka njere mazanamazana, ndipo sizimera zonse chaka chimodzi. Zina zimagona m'dothi zaka zingapo kudikira kuti khasu lizitulutsire pamwamba. Tsono nkhondo yake ndi ya kuletsa udzu kubereka.

Choyamba ndi nthawi. Mmera mpoyamba. Chimanga chimavutika kwambiri ndi udzu m'milungu isanu ndi umodzi yoyambirira chitamera, ndipo zimene chataya nthawi imeneyo sichizibweza ngakhale mutapalira bwino pambuyo pake. Palirani koyamba pasanathe milungu itatu, udzu ukadali ngati tsitsi, ndipo mubwereze pobandira. Yambirani pamene pali chonde chambiri, pansi pa msangu ndi pamene mudathira manyowa, chifukwa udzu umathamanga kwambiri pomwepo. Feteleza wothira m'munda wosapalira ndi mphatso kwa udzu. Tikudziwa kuti miyezi imeneyi ndi ya njala, ndipo amayi ambiri amasiya munda wawo kukagwira ganyu m'munda wa eni. Ngati palibe kuchitira mwina, gawani masiku, munda wanu ulandireko m'mawa ungapo udzu usanatulutse ngala. Amayi oyandikana angathenso kugwirizana kupalira mwa chipereganyu, lero kwa uyu mawa kwa uyo.

Chachiwiri ndi kapaliridwe. Pa tsiku la mvula udzu womata ukangodulidwa n'kusiyidwa pa dothi lonyowa umaphukanso pa mfundo. Kutumulani dothi la kumizu, muugoneke mizu ili m'mwamba kuti dzuwa liupserereze.

Chachitatu ndi manyowa. Udzu wopanda ngala ndi wabwino pa mulu wa manyowa ndiponso pophimbira nthaka. Wokhala ndi ngala zokhwima usapiteko, pokhapokha ngati muluwo umatentha ndithu mkati ndipo mumautembenuza, pakuti kutentha kumeneko ndiko kumapha njere. Manyowa a m'khola osawola bwino ndiwo amanyamula udzu womata kuchoka kumudzi kupita kumunda. Lambulani m'mbali mwa khola udzu usanabereke.

Chachinayi ndi chija tayamba nacho. Timitu tochotsa pa chitenje, pa zovala za ana ndi pa ubweya wa galu tisatayidwe pabwalo. Tiponyeni pamoto.

Chachisanu ndi mbewu yosunga. Mawere, mapira ndi mpunga zosungira kudzala zipetedwe mosamala, ndipo posankha ngala za mbewu muzichita kuthyola ndi manja m'munda. Kudzala m'mizere kumathandizanso, popeza mmera wa udzuwu umafanana ndi wa mawere. Chimene chamera kunja kwa mzere mumachidziwa msanga.

Amene mukulima chimanga cha m'dimba kumbukiraninso kuti maudzu a m'thengo, kuphatikizapo a banja limeneli, amasunga tizilombo touluka timene timafalitsa matenda a mikwingwirima pa masamba a chimanga. Lambulani udzu wa dzinja limodzi wozungulira dimba musanadzale. Ndipo amene akufuna kupopera mankhwala ayambe afunsa alangizi a zaulimi a ku Golomoti kapena ku Mtakataka, atatenga phata lathunthu la udzuwo, mizu, masamba ndi ngala zomwe. Chimanga, mpunga ndi mapira nazonso ndi za mtundu wa udzu, ndipo mankhwala olakwika amapha mbewu pamodzi ndi mdani.

Ulemu wake

Tisamalize ngati kuti udzuwu ulibe ubwino. Kumpoto kwa dziko la China, zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, anthu adayamba kusankha ngala zonenepa za mbale wina wa udzu umenewu, Setaria viridis, n'kumazidzala chaka ndi chaka, mpaka udzu wa m'thengo udasanduka mbewu yofanana ndi mawere, Setaria italica, imene ikulimidwabe ku China ndi ku India. Kuno ku Africa, m'madera ena njere za mitundu ya m'thengo zakhala zikutoledwa pa nthawi ya njala, ndipo ku Namibia ena amaphika phala la njere za udzu womata womwewu. Zonsezi zidatheka chifukwa cha anthu amene adawerama n'kuyang'anitsitsa, osangoti udzu ndi udzu.

Nzeru imeneyi ili kale pakati pathu. Agogo athu ambiri amadziwa udzu uliwonse ndi dzina lake, ndipo amadziwa chimene umanena za nthaka. Mukapita kumunda sabata ino tengani mwana wanu, wamkazi kapena wamwamuna, muthyole ngala zinayi zosiyana, mukaziyale pamkeka pamaso pa agogo. Afunseni maina ake a m'mudzi mwanu, inu muonjezere zimene mwawerenga pano, mwana amve zonse ziwiri. Mukatha, ngala zija ziponyeni pamoto.

Tsalani bwino, amayi anzanga, ndipo khasu likuyendereni.